Rocky sadawine, n'chifukwa chake ndimamukonda

Loweruka lapitali ndidatsala pang'ono kumenyedwa pamalo ometera tsitsi chifukwa cha munthu amene sadakhaleko n'komwe. Tidali asanu pa benchi kudikira kuti magetsi ayake, ndipo nkhani idachoka pa mpira n'kufika pa mafilimu amene tinkaonera m'mavidiyo sho tili anyamata. Mkulu wina wogulitsa zitsulo za galimoto adati filimu imene idamuphunzitsa moyo ndi Rocky, chifukwa mphawi uja adagwetsa katswiri wa dziko lonse n'kutenga lamba. Ine ndidati pepani achimwene, mu filimu yoyamba ija Rocky adaluza. Padabuka phokoso. Wometa adasiya kupukuta makina ake, wina adati ndikufuna kudzionetsa kuphunzira, ndipo mkulu uja adatulutsa ndalama nati tibetcherane. Mnyamata wina adafufuza pa foni yake n'kutiwerengera. Ndalama ija sindidalandire, koma ndidabwerera kunyumba ndi funso: kodi zitheka bwanji kuti anthu akulu-akulu, amene adaionera filimuyi kangapo konse, onse akumbukire kupambana pamene padali kugonja?

Ndaganizira nkhaniyi sabata yonse, ndipo ndikuona kuti anzanga aja sadaname kweni-kweni. Adatuluka m'vidiyo sho muja mitima ili m'mwamba ngati anthu amene aona mnzawo akupambana, ndipo mtima susunga zimene oweruza adalemba pa mapepala awo. Usiku umenewo lamba adapita kwa wina, koma Rocky adatenga china chake, ndipo chimenecho ndicho chandichititsa kulemba lero kuti mafilimu akale a nkhonya, aja a munthu wodereredwa, si zachibwana monga amanenera ena. Muli nzeru zimene wageni ndi mwana wasukulu angatolemo, bola aonere ndi maso onse awiri.

Amene mudakula m'matauni m'zaka za m'ma 1990 mukuchikumbukira chipinda chija: mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, bolodi la choko panja, TV imodzi ndi deki, ndi tepi imene yaoneredwa mpaka chithunzi kumanjenjemera. Chingerezi cha Sylvester Stallone, kunena zoona, palibe amene ankachimva, munthu wake amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Komabe nkhani yonse tinkaitsata. Nkhonya sifuna womasulira. Anthu ndi awiri, zingwe ndi zomwezo, belu ndi limodzi, ndipo amalume ako ngakhale akhale bwana wamkulu bwanji sangakulowere m'bwalo. Kwa munthu amene wazolowera kuti ntchito imapezeka ndi amene ukumudziwa, kuona malo amene munthu amayesedwa poyera, aliyense akuona, n'kosangalatsa pakokha.

Tiyeni tiikumbukire bwino filimuyi, poti ambiri taiwala. Rocky idatuluka mu 1976. Adailemba Stallone mwiniwake, adaitsogolera John G. Avildsen. Rocky Balboa ndi mnyamata wa zaka 30 wa ku Philadelphia amene amamenya nkhonya za m'makalabu ang'ono-ang'ono usiku, ndipo masana amatolera ngongole za bwana wina wakatapila. Filimu ikungoyamba kumene, iye wapambana nkhonya, nkhope ili magazi okha-okha, ndipo akumuwerengera malipiro: achotsapo ya loka, achotsapo ya bafa ndi thaulo, achotsapo msonkho, m'manja mwatsala $40.55. Ine pamenepa ndi pamene filimuyi idandigwira. Wageni aliyense akudziwa kuwerengera kumeneku. Wagulitsa tsiku lonse, koma ukachotsa tikiti ya msika, ya minibasi, ya wonyamula katundu ndi ya mlonda, chotsalacho umachiyang'ana kawiri.

Ubwino woyamba wa mafilimu amenewa ndi umenewu, amadziwa mtengo wa zinthu. Mafilimu a nkhondo aja munthu amaombera tsiku lonse osadya, osalipira lendi. M'mafilimu a nkhonya lendi ilipo, ngongole ilipo, manyazi aliponso. Rocky atumidwa kukathyola chala cha munthu amene walephera kubweza ngongole, iye alandira zochepa zimene munthuyo ali nazo n'kumusiya, kenako akalipiridwa ndi bwana wake. Apita kochitira masewera apeza mphunzitsi wokalamba uja, Mickey, wapereka loka yake kwa mnyamata wina, katundu wake amupachika m'thumba pakhoma. Mu Cinderella Man ya 2005, imene ndi nkhani yoona ya James J. Braddock, munthu amene adali wotchuka akupita padoko m'mawa uliwonse kukapempha ganyu m'nthawi ya mavuto a chuma a m'ma 1930 ku America, akubisa dzanja lothyoka kuti kapitawo asamubweze, magetsi amudulira, mpaka akukaima pamzere wolandira thandizo la boma. Mu Million Dollar Baby ya 2004, mayi uja amagwira ntchito m'lesitilanti, amakulunga nyama imene kasitomala wasiya n'kukadya kunyumba, ndipo amasunga makobidi kuti agule chipangizo chophunzirira nkhonya. Awa ndi anthu amene timakwera nawo minibasi.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti amaonetsa ntchito isanafike mphoto. Aliyense amakumbukira Rocky akuthamanga pa masitepe 72 aja a nyumba yosungiramo zojambula ku Philadelphia, manja m'mwamba. Koma ndi angati amakumbukira ulendo woyamba? Wadzuka 4 koloko m'bandakucha kukuzizira, wamwa mazira osaphika, wathamanga m'misewu mulibe munthu, ndipo pofika pamwamba pa masitepewo wagwira m'nthiti, akuwefuka ngati nkhalamba. Palibe womuombera m'manja. Alibe zipangizo, ndiye amakamenya nyama za ng'ombe zopachika m'chipinda chozizira kumene amagwira ntchito mnzake Paulie. Pambuyo pake, atalimba, akudutsa mumsika ndipo wogulitsa wina akumuponyera lalanje. Inu ana asukulu amene mukuwerenga tsamba lino, satifiketi anthu amaiona pa tsiku limodzi, koma kandulo imene idayaka miyezi khumi palibe amene adzaione. Filimu imene imakuonetsani kanduloyo ndi yofunika kuposa zija zongoonetsa galimoto ndi nyumba zosanja.

Wachitatu, umene kwa ine ndiwo waukulu, uli pa usiku womaliza nkhonya isanachitike. Rocky akulephera kugona, apita kukaona bwalo lopanda anthu, abwerera, n'kumuuza Adrian chilungamo chimene anthu ambiri sitifuna kudziuza: munthu uyu sindingamugonjetse. Chimene akufuna n'chakuti belu la raundi ya 15 likamalira iye akhale ataima, poti palibe amene adafikapo pamenepo ndi Apollo Creed. Taonani nzeru zake. Sadadzinamize kuti ndi katswiri, komanso sadathawe. Adasankha muyeso umene uli m'manja mwake. Mapointi ali m'manja mwa oweruza, koma kuima kuli m'miyendo yake. Mu raundi ya 14 agwa, Mickey yemwe akumukuwira kuti akhale pansi, iye agwira zingwe n'kudzuka. Diso latupa mpaka achita kulicheka kuti aone. Pamapeto oweruza awiri mwa atatu apereka nkhonya kwa Creed, koma Rocky sakumvetsera n'komwe, akungoitana dzina la mkazi amene amamukonda.

Ine ndidamvetsa bwino zimenezi chaka chimene ndidakongola katapila n'kuoda belo la kaunjika, polimasula ndidapeza zisanza zokha-zokha. Mpamba wonse udathera pamenepo, ngongole ili pakhosi. Phindu chaka chimenecho silikadatheka, zimenezo ndidazidziwa sabata yoyamba. Chimene ndidadziikira n'chakuti benchi langa lisatsekedwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwini ndalama asadzandipeze ndikubisala. Ndidagulitsa tsabola ndi machesi pa benchi la zovala, anzanga akundiseka. Chaka chidatha ndilibe kanthu, koma ndili pamalo panga, ndipo amene adandiona ndikubweza ngongole ndiwo adandikongozanso popanda chikole. Pa mapointi ndidaluza, koma belu lidandipeza nditaima.

Palinso china. Ngakhale munthu amalowa yekha m'bwalo, mafilimu abwino a nkhonya sanena kuti amafikamo yekha. Mutu umodzi susenza denga. Mickey, amene adamunyoza kwa zaka, akwera masitepe kukapempha kuti akhale mphunzitsi wake. Rocky amukalipira, akhuthula zonse za kumtima, koma nkhalambayo itatsika iye aithamangira mumsewu n'kuigwira dzanja. Ndi angati mwa ife amene tidataya thandizo chifukwa lidabwera ndi munthu amene adatilakwirapo kale?

Tsopano ndisakhale ngati wotsatsa mankhwala m'basi amene amangonena zabwino zokha-zokha. Mafilimu amenewa ali ndi mabodza ake, ndipo amene amawatsutsa ali ndi mfundo.

Bodza loyamba ndi la mwayi. Makolo adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa, koma sadatiuze kuti phwiti anzake angati adabwerera pakhomo. Rocky sadasankhidwe chifukwa cha khama. Amene amayenera kumenyana ndi Creed adavulala dzanja, tsiku lili pafupi, ndipo Creed adasankha Rocky m'buku chifukwa dzina lake la m'bwalo limamveka bwino pa chikwangwani. Akadapanda dzina limenelo akadafera m'makalabu a $40 aja ndi khama lake lomwelo. Filimu imene imanena chilungamo pa mfundo imeneyi ndi Fat City ya 1972, ya John Huston. M'menemo munthu amakolola m'minda ya eni ake ngati waganyu, amwa mowa, abwerera m'bwalo, apambana, ndipo ndalama imene alandira ndi yochepa moti moyo wake susintha ngakhale pang'ono. Filimu imeneyi sikadadzaza vidiyo sho, koma ankhonya ambiri padziko lapansi moyo wawo ndi umenewo. Choncho wina akamakuuzani kuti aliyense wosauka ndi waulesi, poti Rocky adatha, muuzeni akaonerenso. Khama limakonzekeretsa munthu, koma khomo amatsegula ndi ena, ndipo dziko limene makomo ake ndi ochepa lisamabisale kumbuyo kwa filimu.

Bodza lachiwiri ndi la khungu, ndipo ili limandichititsa manyazi pang'ono. Tidali ana akuda okha-okha m'chipinda chija, tikukuwa kuti mzungu amenye munthu wakuda. Apollo Creed, amene adaseweredwa ndi malemu Carl Weathers, adamuumba motengera Muhammad Ali: wolongolola, wanzeru, wodziwa malonda. Koma m'mbiri yeni-yeni ya nkhonya ku America, wodereredwa kawiri-kawiri adali wakuda. Jack Johnson atatenga lamba wa ankhonya olemera kwambiri mu 1908, azungu adasakasaka mzungu woti amugwetse, ndipo atagonjetsa Jim Jeffries mu 1910 m'mizinda yambiri mudabuka zipolowe, anthu adafa. Johnson ataluza lambayo mu 1915, padatenga zaka 22 kuti munthu wakuda apatsidwenso mwayi, ndiye Joe Louis mu 1937. Hollywood idatembenuza nkhani. Padafunika kudikira mpaka 2015 kuti Ryan Coogler apange Creed, mmene mwana wa Apollo ndiye wodereredwa, ndipo nayenso, taonani, akuluza pa mapointi ataima.

Bodza lachitatu ndi la thupi. M'filimu munthu amenyedwa zibakera zoti zikadapha ng'ombe, mawa lake ali ndi kapulasitala kamodzi. Zoona zake n'zakuti ubongo suchira ngati chilonda cha pamwendo. Ali adapezeka ndi matenda a Parkinson mu 1984 ndipo adakhala nawo mpaka imfa yake mu 2016, ndipo ambiri amakhulupirira kuti zibakera zimene adalandira zidathandizira. Max Baer, amene Cinderella Man idamujambula ngati chilombo, adamenyadi munthu wotchedwa Frankie Campbell mu 1930 mpaka kumwalira, koma a m'banja lake adadandaula kuti filimuyo idabisa chisoni chimene iye adakhala nacho. Million Dollar Baby idalimba mtima kutionetsa mapeto ena: mayi uja afika pa nkhonya ya lamba, amenyedwa chibakera chachinyengo belu litalira kale, agwera pa kampando n'kuthyoka khosi. Walira mvula walira matope. Ndikamayamikira mafilimuwa sindikutuma mwana wa munthu kukamenyedwa m'mutu.

Ndiponso si mafilimu onse a Rocky amene ndikuwaikira kumbuyo. Mu yachiwiri ya 1979 adapatsidwa lamba uja, n'kutheka ndi imene idasokoneza anzanga a pa benchi. Pofika yachinayi ya 1985, munthu wathu ali ndi nyumba yaikulu, ali ndi loboti, ndipo akukamenyana ndi chimphona cha ku Russia m'dzina la dziko lake. Imeneyo ndi ndale za nthawi ija zitavala magolovesi. Imasangalatsa, inde, koma ilibe lendi, ilibe ngongole, mphawi adatulukamo kale.

Nanga bwanji ndikuumirirabe kuti muzionera? Chifukwa pansi pa mabodzawa pali nkhani zimene zidachitikadi. Stallone adalemba Rocky ataona nkhonya ya pa 24 March 1975, pamene Chuck Wepner, wogulitsa mowa wa ku Bayonne ku New Jersey amene palibe adamuwerengera, adalimbana ndi Ali mpaka raundi ya 15, woyimbira n'kuimitsa nkhonya kutatsala masekondi 19. Stallone mwiniyo adali wosatchuka, ndipo adakana kugulitsa nkhani yake pokhapokha atasewera yekha Rocky. Filimu imene idadya ndalama pafupi-fupi $1 miliyoni idabweretsa zoposa $200 miliyoni, ndipo mu 1977 idalandira Oscar ya filimu yopambana zonse. Koma amalonda mvetserani apa: Wepner adachita kupita kukhoti mu 2003 kudandaula kuti dzina lake likugwiritsidwa ntchito iye osapindula, ndipo adagwirizana kunja kwa khoti mu 2006. Braddock adali wochenjera kuposa pamenepo. Atagonjetsa Baer pa 13 June 1935, pamene obetcha ankati mwayi wake ndi umodzi pa khumi, komanso atabweza ku boma thandizo lija adalandira, adavomera kumenyana ndi Joe Louis mu 1937 pa pangano lakuti azilandira gawo limodzi mwa magawo khumi a phindu la wokonza nkhonyayo kwa zaka khumi. Lamba adaluza, koma banja lake lidadya. Kulimba mtima popanda pepala losainirana kumalemeretsa ena.

Ndipo nthawi zina wodereredwa amapambanadi. Pa 30 October 1974 ku Kinshasa, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Zaire, Ali wa zaka 32 adakumana ndi George Foreman wa zaka 25, amene adali asadagonjepo pa nkhonya 40. Anthu ankaopa kuti Ali avulazidwa. Iye adatsamira zingwe, adalola Foreman amenye mpaka kutopa, n'kumugwetsa mu raundi ya 8. Onerani When We Were Kings ya 1996, si sewero ayi, ndi zithunzi zeni-zeni, ndipo mudzaona kuti wofooka amapambana ndi mutu. Pa 11 February 1990 ku Tokyo, Buster Douglas, amayi ake atamwalira masabata atatu okha m'mbuyomo, adagwetsa Mike Tyson mu raundi ya 10. Ifenso tili ndi wathu. Pa 11 July 2016 Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre, adapita ku Ekaterinburg ku Russia kukakumana ndi Sergey Kovalev, amene adali ndi malamba atatu a dziko lonse ndipo ankadziwika ndi kugwetsa anthu msanga. Chilemba adagwa mu raundi ya 7, adadzuka, adamaliza maraundi onse 12, n'kuluza pa mapointi. Amene adati wangoluza basi ndi omwe aja sadaimvetse Rocky.

Chandilembetsa zonsezi ndi mwana wa mlongo wanga. Adakhoza mayeso a Fomu 4, koma dzina lake silidatuluke pa mndandanda wa opita ku yunivesite. Anzake awiri adatengedwa. Iye adadzitsekera m'nyumba masabata atatu, osafuna kuonana ndi munthu. Nditabwera kometa kuja ndidapeza filimuyo n'kumuitana kuti tionere limodzi. Itatha adandiyang'ana nati, "Amalume, zimenezi n'zamufilimu. Kunja kuno munthu ukaluza waluza basi."

Sindidamutsutse, poti mbali ina akunena zoona, ndipo mwana wa zaka 19 sumunyengerera ndi nyimbo za malipenga. Ndidangomufunsa kuti mwa zonse zimene zikumuvutazo, ndi ziti zili m'manja mwa oweruza, ndi ziti zili m'miyendo yake. Malo a ku yunivesite ndi ochepa, ndipo amene amasankha si iye. Koma kubwereza maphunziro awiri amene adamugwetsera mapointi, kapena kukafunsa za sukulu ya ntchito zamanja, kapena kungodzuka m'mawa n'kusamba, zimenezo sizidikira chilolezo cha munthu. Sadandiyankhe. Lachiwiri m'mawa ndidamupeza atafika kale pa benchi langa akuyala katundu, buku la masamu lili m'thumba la kumbuyo. Kaya apitiriza kaya asiya, sindingalumbire. Raundi imodzi si nkhonya yonse.

Choncho inu anzanga a mumsika ndi inu a m'makalasi, mukawapeza mafilimu akalewa musawanyoze chifukwa chithunzi chake n'chakale. Aonereni, sangalalani, kuwani ngati mmene tinkakuwira ife. Koma mukamatuluka mufunse mafunso atatu: adamulipira zingati, adamutsegulira khomo ndani, ndipo thupi lake lidatha bwanji? Mukayankha amenewo, chotsalacho ndi chanu, ndipo ndi choona. Ambiri a ife lamba sitidzamugwira, Creed wathu ndi mitengo ya zinthu, fizi ndi lendi, ndipo ameneyo sagwa wamba. Koma madzulo aliwonse belu limalira, ndipo munthu amadziwa yekha ngati lamupeza ataima.

Kwa achimwene a zitsulo za galimoto aja, ndalama yanu ija sungani. Mudalakwitsa za oweruza, koma za munthuyo mudalondola.